Phula la pa Ng'oma ya a Kalinde

Anthu a ku Mikolongwe akamalozera mlendo njira ya kwa a Rafaeli Kalinde satchula mtengo kapena mlatho. Amangoti, "Tsatani msewu wa kuchigayo, pokhota mphuno ikuuzani." Sanama ayi. Ine ndakhala moyandikana nawo zaka makumi anayi, pakati pathu pali mpanda wa nkhadze wokha, ndipo mpaka lero sindinazolowere. Munthu umazolowera umphawi, umazolowera mwamuna woliza mkonono, koma fungo la chikopa cha ng'ombe chimene chagona masiku anayi m'madzi silizolowereka.

A Kalinde ndi alamu anga. Anakwatira mkulu wanga Patricia, amene anatisiya zaka zisanu ndi zitatu zapitazo. Popeza kwathu kuno mwamuna ndiye amabwera kuchikamwini, iwo anabwera ndi nsompho zawo, zikopa zawo ndi ntchentche zawo kudzakhala pamalo a amayi athu. Ntchito yawo ndi kusema ng'oma. Amati agogo awo anachoka ku Mozambiki wapansi atabereka kang'oma kamodzi kumsana, nakagwira thangata ku Magomero, ndipo lusolo linatsika m'banjamo mpaka kufika kwa iwo. Ine ndinkawayankha kuti agogowo akanabereka mbuzi bwenzi pano tikupuma mpweya wabwino.

Kusema kwenikweniko kulibe mlandu. Amadula chipika cha mvunguti n'kumachiboola pang'onopang'ono, milungu itatu kapena inayi, iwe kumangomva go, go, go kuseri kwa nyumba. Mlandu ndi chikopa. Amakachitenga kwa opha ng'ombe ku Namadzi chikadali ndi magazi, n'kuchimangirira pa kaliyala, agalu a m'njira monse akuwaperekeza. Akafika amachiviika, chikafewa amachipala ubweya ndi tinyama totsalira, kenako amachikunga pakamwa pa chipikacho n'kuchikhomera ndi zikhomo zamtengo. Masiku amenewo ntchentche zimabwera zobiriwira zija, zonenepa, zosaopa munthu. Zovala zanga pachingwe zimanunkha. Zitumbuwa zimene ndimakagulitsa pamsewu wogula amayamba wazinunkhiza kaye, kenako n'kundiyang'ana ine. Ndatukwana pa mpanda paja mpaka mawu kusasa, koma yankho lawo ndi limodzi: "Pepani mlamu, mawa litha." Mawa lakelo sindinalionepo.

Sasema ng'oma zokha. Pakhonde pawo pamalendewera zisekese za bango zodzaza njere, ndi maseche omanga m'miyendo a anthu ovina tchopa. Pansi pa mango pali mangolongondo, matabwa oyalidwa pa mitengo iwiri ya nthochi, amene amagogoda akatopa ndi kusema. Ukangolakwitsa n'kufunsa kuti ichi n'chachiyani, basi ndiwo zako zipserera pamoto.

"Mlamu, nyimbo si pakamwa pokha ayi," ankatero. "Kang'oma kakang'onoka n'kolongolola, kamayambitsa nkhani ndipo sikapuma. Yapakatiyi imakayankha. Chisekese chimatseka mipata kuti nyimbo isalowe mphepo. Khasu lakuthali mukamaligogoda ndi msomali, limeneli ndiye wotchi, silikondera munthu. Koma yaikuluyi imalankhula pang'ono, ndipo ikalankhula mwendo umadziwa poponda. Muichotse muone. Anthu aziimba inde, koma aziimba ngati akuwerenga kalata."

Ine ndinkawauza kuti zonsezo n'zoona, koma zikununkha. Patricia ankangoseka. Mkazi ameneyo sindikudziwa kuti mphuno yake anaisiya kuti.

Pa ng'oma zonse zimene a Kalinde anasema, ya tchalitchi chathu ndiyo inali yawoyawo. Inali yaikulu, yofika munthu m'chiuno, yakuda bii chifukwa cha thukuta ndi utsi. Pakati pa chikopa chake panali phula, chibulumwa chakuda chachikulu ngati chitumbuwa. Osadziwa amaona ngati litsiro, ndipo kunena zoona limaoneka ngati litsiro ndithu. Koma phula ndilo limatsitsa mawu a ng'oma. Ukaonjezera pang'ono mawu amalemera, ukachotsako amapepuka. Amalipanga ndi phula la njuchi, nsatsi zosinja ndi mwaye, n'kulikanya ndi zala mpaka lifewe.

Wokanya anali Patricia. Iye ankatsogolera kwaya, ndipo anali ndi mawu apansi, okhuthala, osafanana ndi a mkazi wina aliyense m'mudzi muno. Chaka chilichonse Pasaka ikayandikira, a Kalinde ankaibweretsa ng'omayo kunyumba. Patricia ankakhala pamphasa n'kutulutsa liwu limodzi lokha, lija ankayambira nalo nyimbo ya Ulemu, n'kulikoka. A Kalinde ankamenya kamodzi, n'kupendeketsa mutu. "Onjezera." Patricia n'kumatapo kaphula ndi chala chachikulu. Aimbenso, amenyenso. Tsiku lonse, mpaka liwu la munthu ndi liwu la ng'oma zikhale chinthu chimodzi. Ine ndili kuseri kwa mpanda ndinkaona ngati misala. Chikopa anachisinthapo kawiri, koma phula linali lomwelo, ankalichotsa bwinobwino n'kulibwezera.

Patricia atamwalira, a Kalinde sanaonjezerepo kapena kuchotsapo ngakhale kadontho. Poiwamba ng'omayo pamoto wa udzu ankaitembenuza mosamala kuti moto unyambite m'mphepete mokha. Pa phulapo panali kadzenje, pamene chala cha Patricia chinadinda komaliza. Ndinawaonapo Lamulungu lina asanayambe kuimba, akulowetsa chala chawo m'kadzenjemo. Ndinayang'ana kumbali, chifukwa zinandimvetsa chisoni, komanso zinandikwiyitsa, sindikudziwa chifukwa chake.

Zaka zaposachedwazi kwaya inagula kiyibodi. Woimba wake ndi Mikaele, mphunzitsi wa pasukulu yapulaimale, munthu wabwino koma wokonda kamabatani. M'kiyibodimo muli ng'oma zakezake, zimene zimangoti tsi-tsi-du, tsi-tsi-du, nyimbo ya maliro chimodzimodzi, ya ukwati chimodzimodzi. Ng'oma ya a Kalinde inatsala ndi nyimbo imodzi yokha, ya Ulemu. Zala zawonso zinayamba kuuma, mfundo zake kutupa, moti kumanga batani la malaya kunasanduka ntchito. Ndiye chaka chatha, atalengeza kuti tchalitchi chathu chikwanitsa zaka makumi asanu ndipo kudzakhala Misa yaikulu ya ansembe asanu, a Kalinde anandiitana pampanda.

"Mlamu, tsiku limenelo ndiimba komaliza. Manjawa akana. Ndiimbe Ulemu kamodzi kokha ndi mkulu wanu, tchalitchi chitadzaza, kenako ndipereke ndodo kwa ena."

"Ndi mkulu wanga uti? Mkulu wanga ali kumanda."

"Mawu ake ali pang'oma paja. Inu simumamva?"

Ndinawauza kuti ukalamba wawalowa m'mutu. Koma kuyambira tsiku limenelo, m'mawa uliwonse ndinkawaona ataviika manja m'madzi ofunda, kenako akugogoda pa mtondo wovundikira kuti zala zifewe. Miyezi iwiri yathunthu anachita zimenezo.

Tsono ife anthu akuno tili ndi matenda athu. Tikamva kuti kukubwera alendo, timapenta. Sitifunsa kuti chinthuchi n'chiyani, chimagwira ntchito yanji, chikufuna penti kapena ayi. Miyala ya m'mphepete mwa njira, laimu. Mitengo ya bulugamu, laimu mpaka m'chiuno. Chimbudzi chimene denga lake linagwa dzana, timachisiya chopanda denga koma khoma lake loyera mbee. Mbuzi ikachedwa kuchoka panjira nayonso ikhoza kupita kwawo yoyera. Ine ndemwe ndapenta nawo miyala kuyambira ndili mtsikana, ndipo sindinafunsepo kuti mlendoyo adya miyalayo kapena.

Woyang'anira zokongoletsa anali mayi Bibiana, amene anakhala zaka zambiri ku Limbe ndipo anabwerera kumudzi amuna awo atapuma ntchito. Ndi munthu waukhondo, woyenda ndi kansalu kopukutira benchi asanakhalepo. Ine ndinkagwirizana nawo kwambiri, chifukwa pa nkhani ya fungo la kwa a Kalinde iwo okha ndiwo ankandimvetsa.

Lachisanu, kutatsala masiku awiri, amayi tonse tinasonkhana kutchalitchi. Ine anandipatsa chidebe cha laimu kuti ndikayambire miyala ya kumsewu. Ndinagwira mpaka dzuwa kupendeka. Pobwerera, msana ukuwawa, ndinaona chinthu chaima padzuwa pafupi ndi khomo, chonyezimira, anthu atachizungulira akuyamikira. Ndinaganiza kuti agula mgolo watsopano wa madzi.

Inali ng'oma ija. Thupi lonse analipaka penti wamafuta wabuluu, yemweyo anapakira zitseko. Chikopa anachikwecha ndi sopo ndi mchenga, n'kuchipaka penti woyera, wokhuthala, wotsikira m'zikhomo ngati phala losefukira. Pakati penipeni, pamene panali phula, wina analembapo ndi penti wofiira kuti ZAKA 50. Ndaona mphutsi zikutuluka m'chikopa chowola, ndaona galu akukoka matumbo pakhomo panga, koma sindinanyansidwepo ngati mmene ndinanyansidwira ndi ng'oma yoyera imeneyo.

"Mayi Bibiana, phula lija lili kuti?"

"Chimanyi chakuda chija? Iii, mayi Josephine, musandikumbutse. Chinakakamira zedi. Tachita kupala ndi mpeni, anthu atatu. Tataya kudzala."

"Mwawafunsa eni ake?"

"Eni ake ndani? Ng'omayi ndi ya tchalitchi. Ansembe asanu adzaone chinthu chauve chija kutsogolo? Komanso si inu nomwe mumanena tsiku ndi tsiku kuti zinthu za alamu anu n'zonyansa? Mwezi wathawu munati ng'oma imeneyi ikufunika sopo. Munanena pamaso pa anthu, pachitsime."

Ndinanenadi. Ndinanena kuti anthu aseke, ndipo anaseka.

Ndinathamangira kudzala kuseri kwa tchalitchi. Anali atatentha kale zinyalala zonse za tsikulo, masamba, mapepala, majumbo, maluwa akale apulasitiki. Utsi wake unali wowawa kukhosi. Ndinafukula ndi ndodo, ndinapeza zibulumwa zakuda zambirimbiri za pulasitiki wosungunuka, ndipo sindikanatha kudziwa kuti phula ndi liti. Ndinapita kunyumba osadutsa kwa alamu. Ndinachita mantha, ndivomere.

Loweruka m'mawa a Kalinde ananyamula kamtolo ka udzu wowambira ng'oma n'kulunjika kutchalitchi. Ndinawatsatira chapatali ngati wakuba. Anaipeza itaikidwa kale pafupi ndi guwa. Anaima, nayang'ana nthawi yaitali. Anaika udzu pansi. Anagwira chikopa, penti n'kuwamata chala chifukwa anali asanaume bwino. Kenako anamenya kamodzi ndi chikhatho. Inangoti phwa, ngati wamenya thumba la madeya.

Sanakalipe. Bwenzi zili bwino akanakalipa, akanatukwana m'Chilomwe monga amachitira nsompho ikawatema. Anangotembenuka, nandiona ndaima pakhomo.

"Mlamu, phula?"

"Anataya kudzala, alamu. Anatentha."

Anapita kudzalako. Munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri ndi mphambu, kugwada paphulusa, kufukula ndi zala zotupa zija. Ankatola chibulumwa chilichonse, kuchinunkhiza, n'kuchiponya. Mayi Bibiana anabwera ndi tsache m'manja n'kuwauza kuti, "Agogo, musamwaze phulusalo, tasesa kale." Ndinafuna kuwalanda tsachelo, ndipo chimene ndikanachita nalo sichoyenera kulemba.

Lamulungu tchalitchi chinadzaza mpaka ena kukhala panja. Amayi tonse tinavala nsalu yofanana. Pang'oma paja anaikapo botolo la maluwa apulasitiki, ndipo anthu ankajambulitsa pambali pake ndi mafoni. Nthawi ya Ulemu itakwana, Mikaele anadina batani lake, tsi-tsi-du, tsi-tsi-du, anthu n'kuyamba kuimba. Anaimba ndithu. Anawomba m'manja, nthungululu zinalira, ana ovina kutsogolo anavina. Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna nkhope imodzi yokha yodabwa kuti pakusowa chinthu. Sindinaipeze. Anthu amene anabatizidwa ng'oma imeneyo ikulira, amene anakwatitsidwa nayo, amene inaperekeza makolo awo kumanda, onse kukamwa yasa, kusangalala. Pomaliza wansembe wina mlendo anayamikira kuti sanaonepo tchalitchi chakumudzi chaukhondo chotere, naloza ng'omayo kuti taonani chikhalidwe chathu mmene chikuwalira. Mayi Bibiana anaimirira, anthu n'kuwaombera m'manja.

A Kalinde anakhala pabenchi yomaliza, atavala jekete lawo la paukwati, manja ali pamaondo. Zala zawo zinkagunda bondo pamalo pamene ng'oma yaikulu imayenera kulankhula. Misa itatha kunali mpunga ndi nkhuku. Ine ndinalandira mbale yanga, koma nditangomva fungo la penti pa zitseko, chakudyacho chinakana kutsika. Ndinapatsa mwana wa eni ake amene anali pafupi.

Lolemba a Kalinde anakaitenga ng'omayo pa wilibala. Palibe anawaletsa, chifukwa alendo anali atapita ndipo ntchito yake inali itatha. Sabata yonse ndinkamva kwe, kwe, kwe, akupala penti ndi chigalasi chosweka. Kenako anapita ku Namadzi, nabwera ndi chikopa, agalu ali pambuyo. Tsiku lachinayi fungo linafika pakhomo panga monga mwa nthawi zonse, lolemera, lolowa mpaka m'madzi akumwa. Ndinatseka zenera. Kenako ndinamva akubuula kuseri kwa mpanda. Nditasuzumira, ndinawaona akulimbana ndi chikopa, akufuna kuchikoka kuti chifike pa chikhomo, zala zikuterereka. Anayesa katatu. Kachinayi anakhala pansi.

Kwa zaka makumi anayi ndinali ndisanapondepo kuseri kwa nyumba imeneyo pa masiku a chikopa. Tsiku limenelo ndinadutsa pa mpata wa nkhadze. Chikopa chonyowa n'choterera, chozizira, chimamata m'zikhadabo. Ntchentche zinkandikhala pamilomo. Ndinakoka kamodzi, ndinathamangira kuseri kwa nthochi kukasanza, ndinabwerera kudzakokanso. A Kalinde ankangoti, "Kokani uko. Gwirani. Musasiye." Iwo akukhoma. Tinamaliza dzuwa likulowa, ndipo ndinasamba katatu koma fungo silinachoke.

Chikopa chitauma anandiitananso. Pamphasa panali phula la njuchi, nsatsi zosinja ndi mwaye m'chigoba.

"Zala zanga sizingathe. Kanyani."

Ndinakanya. Linandidetsa manja mpaka m'zigongono. Anandionetsa pomata, pakati penipeni.

"Tsopano imbani liwu lija."

"Alamu, ine sindine woimba. Mukudziwa."

"Munabadwa mimba imodzi. Yesani."

Ndinayesa. Ndinatseka maso, ndinakumbukira mkulu wanga atakhala pamphasa yomweyo, mpango utapendekera kumbali, n'kutulutsa liwu. Anamenya kamodzi, napendeketsa mutu. "Onjezerani." Ndinamatapo. Ndinaimbanso. "Chotsaniko." Tinachita zimenezo kuyambira m'mawa mpaka nkhuku kuyamba kulowa m'khola. Anthu odutsa pamsewu ankaima n'kumasuzumira, ndipo ndikudziwa kuti ankati ndi misala. Kukhosi kwanga kunauma gwa. Pamapeto pake ndinaimba, iwo n'kumenya, ndipo ndinamva ndekha m'chifuwa kuti liwu langa ndi la ng'oma zakumana. Ndinasangalala ngati mwana, ine mayi wamkulu wa zidzukulu zisanu ndi chimodzi.

"Yalira, alamu! Mwaimva? Yalira!"

Anamenyanso kawiri, pang'onopang'ono, akumvetsera mpaka mawu atathera m'nthochi. Kenako anasisita phulalo ndi chala, napeza kadzenje kamene chala changa chinasiya. Analowetsamo chala chawo, n'kuchichotsa msanga.

"Yalira bwino, mlamu. Zikomo," anatero. "Koma ameneyu ndinu."

Anaiphimba ndi chiguduli, naikankhira pakhonde. Ndodo zoimbira anakapereka kwa Mikaele mawa lake, ndipo ndamva kuti anazisunga mu kabati pamodzi ndi mawaya a kiyibodi. Ng'omayo ili pakhonde pomwepo mpaka lero, a Kalinde sanaimenyenso. Mwezi wathawu kunabwera uthenga woti kukubwera alendo ena, ndipo mayi Bibiana anatumiza mwana ndi chidebe cha laimu kuti ndikayambire miyala ya kumsewu. Ndinamuuza mwanayo kuti abwerere nacho.